Akuti olemera ndi osauka tayandikana, koma m'buku langa sindikuziona

Nabanda wa pa Kamwendo

Abale anga odziwa masamu ndi za kafukufuku, ndithandizeni. Mwana wa achimwene anga amene ali pa sukulu ku Bunda anandiwerengera pa foni zotsatira za kafukufuku wa m'makomo amene amachita a NSO, ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya ku Zomba ija. Akuti mu 2004/05 osauka m'Malawi muno anali 52.4 pa anthu 100 alionse. Mu 2010/11 anali 50.7, mu 2016/17 anakwera kufika 51.5, mu 2019/20 n'kubwereranso pa 50.7. Pamenepo sindikutsutsa, ndiye kuti zaka 15 zonsezo tangopondaponda pamodzimodzi. Chomwe chandibalalitsa ndi chachiwiri. Akuti kusiyana kwa olemera ndi osauka kunakula mpaka 2010/11, kenako kunayamba kuchepa, moti pofika 2019/20 tinali titayandikana kuposa mmene zinalili mu 2004/05.

Tayandikana ndi ndani?

Ine ndine mlembi wa banki m'khonde ya kwathu kuno, ndipo buku la masheya lakhala m'manja mwanga kuyambira 2012, chaka chomwe kwacha inagwa Amayi Joyce Banda atangolowa m'boma. Tikuyamba, tonse tinali a msinkhu umodzi pa chuma. Wina sheya imodzi, wina ziwiri, wolimba mtima zitatu. Ngongole zake zinali za mandasi, za fizi ya mwana wa ku sekondale yoyendera, za kathumba ka feteleza kowonjezera pa kuponi. Lero mukatsegula bukulo mupeza magulu awiri atakhala pa mkeka umodzi.

Nditchule makomo atatu, mayina ayi.

Loyamba ndi la mayi wina amene mwamuna wake anagula sikelo n'kuyamba kupikula soya ndi mtedza. Amatigula ife tomwe mu Epulo ndi Meyi, mitengo ili pansi chifukwa aliyense akufuna ndalama ya msanga. Amasunga, mitengo ikakwera n'kukweza matumba pa lole ulendo wa ku Lilongwe. Pano nyumba ndi ya malata ndi simenti, padenga pali sola, njinga zamoto ziwiri zili pa kabaza pa Kamwendo. Sabata iliyonse masheya asanu, osajomba.

Lachiwiri ndi khomo lomwe tonse tinkalisirira. Fodya wa bale, chigafa chachitali, ngolo, ng'ombe zokoka. Bamboyo anadwala nthawi yaitali, ng'ombe zinapita imodziimodzi kulipira mayendedwe a ku chipatala ndi ngongole ya feteleza, kenako anatisiya. Mayiyo anali wa chitengwa, ndiye zonse za maliro zitatha anabwerera kwawo cha ku Mkanda ndi ana, munda n'kutsala ndi abale a mwamuna. M'buku langa dzina lake linathera pakati pa tsamba.

Lachitatu ndi la agogo ena olera zidzukulu. Kale ankadya za ganyu, Januwale akafika ana asiya sukulu kukapalira m'minda ya eni. Analowa mu Mtukula Pakhomo, amene anayambira konkuno ku Mchinji mu 2006 asanafalikire maboma ena. Ndalama zake n'zochepa, wina asakunamizeni, koma agogowo anagula nkhuku, kenako mbuzi, ndipo sheya imodzi pa sabata amaikwanitsa. Kulemera sanalemere, koma ana akudya kawiri ndipo ali pa sukulu.

Ndiye ndifunse. Akamati khomo ili ndi losauka, amayeza chiyani, ndalama za m'thumba, nkhokwe kapena denga? Akabweranso patapita zaka, amafika pa makomo omwewo kapena amangogwira ena? Chifukwa ngati amagwira ena, kugwa kwa mayi wa ku Mkanda uja anakuona ndani? Nanga nambala yoti tayandikanayo imachokera pati, pomwe ine ndikuona wa sikelo ali kutali, enafe tili pomwe tinali?

Mphunzitsi wa masamu, Santhe

Mayi Nabanda, ndiyambe ndi chomwe amayeza. Sayeza ndalama zolowa pakhomo, chifukwa mlimi mukamufunsa kuti amalandira zingati pamwezi akuyankhani chiyani? Amayeza zomwe khomo ladya ndi kugwiritsa ntchito. Chakudya chonse, chogula ndi cholima yekha chomwe, ndipo cholima yekhacho amachiika mtengo wa pamsika. Amaphatikiza sopo, nkhuni, zovala, fizi, mankhwala, mayendedwe, yunitsi ya foni. Nyumba ngakhale ili yanu amaiika ka lendi kongoyerekeza. Zonsezo amazisonkhanitsa za chaka chathunthu n'kuzigawa ndi chiwerengero cha anthu a pakhomopo.

Akatero amajambula mzere. Mu 2019/20 mzerewo unali K165,879 pa munthu pa chaka, ndiye kuti pafupifupi K454 pa tsiku. Wosafika pamenepo ndi wosauka. Pansi pake pali mzere wina wa chakudya chokha, K101,293, ndipo wosafika ngakhale pamenepo ndiye wa umphawi wadzaoneni. Amenewo anali 20.5 pa 100. Mzerewu amausuntha kutsata mitengo ya zinthu: mu 2004/05 unali K16,165, mu 2010/11 unali K37,002.

Onani tsopano pomwe wa sikelo wanu akuwapulumukira. Matumba a soya omwe ali m'nyumba mwake kudikira mtengo sawerengedwa, chifukwa sanawadye. Munda, ng'ombe, ndalama za ku banki, zonsezo si zodya. Munthu akalemera kakhumi sadya nsima kakhumi. Awonjezera nyama, shuga, buledi, sukulu yolipira, zotsalazo zimapita ku katundu wa bizinesi. Choncho muyeso wa zodya umaonetsa kusiyana kochepa kuposa komwe inu mukuona ndi maso poyang'ana malata ndi njinga zamoto.

Nambala ya kusiyanayo imatchedwa Gini, dzina la katswiri wa ku Italy, Corrado Gini, amene anaiyambitsa mu 1912. Ikakhala 0 ndiye kuti aliyense akudya mofanana ndi mnzake, ikayandikira 1 ndiye kuti zonse zili ndi munthu mmodzi. Ya Malawi inali 0.39 mu 2004/05, 0.45 mu 2010/11, 0.42 mu 2016/17, ndi 0.38 mu 2019/20.

Koma nambalayi siinena kuti yatsika chifukwa chiyani. Ndikupatseni chitsanzo chongopeka cha pa bolodi. Makomo asanu, anayi akugwiritsa ntchito K10,000 lililonse, lachisanu K60,000. Gini yake ndi 0.40. Chaka chotsatira wachisanuyo bizinesi yamugwera, watsika kufika K30,000, anayi aja ali pomwe anali. Gini yafika 0.23. Pa pepala anthu ayandikana kwambiri, koma palibe mwana wa m'makomo anayi aja amene wadya chowonjezera. Kuyandikana kulipo kwa mitundu iwiri, wapansi kukwera kapena wapamwamba kutsika, ndipo Gini payokha siisiyanitsa.

Ine ndikaona ziwerengero zathu ndimaganiza kuti kwathu kuno kunachitika kwachiwiriko. Umphawi wa kumudzi unali 56.6 pa 100 mu 2010/11, ndipo mu 2019/20 unali 56.6 womwewo. Wa m'tauni unachoka pa 17.3 kufika 19.2. Akumudzi sanasunthe, a m'tauni ndiwo anasaukirako. Komanso kumbukirani kuti nambalayi ndi ya dziko lonse, ikuyeza inu pamodzi ndi a ku Area 10 ndi a ku Namiwawa. M'mudzi mwanu kusiyana kukhoza kukula pomwe ya dziko ikutsika, popanda wonama.

Chinanso chomwe anthu amachidumpha: tikamati theka la anthu ndi osauka, ndi theka la anthu angati? Kalembera wa 2008 anapeza anthu 13.1 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.6 miliyoni. Peresenti yaima, koma osaukawo pawokha achuluka ndi mamiliyoni.

Wakale wa pa esiteti, Chamama

Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma za kuno ku Kasungu ndiwonjezere ine amene ndinakulira pa esiteti.

Matenanti ankabwera pa malole kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, banja lonse. Chaka chonse akudya chimanga ndi mchere wa ngongole kwa bwana, malipiro kudikira fodya agulitsidwe, ndipo akachotsera zonse zomwe unadya ena ankatsala ndi ya basi yokha, ena ngakhale ya basiyo ayi. Munthu wotero ukamupeza mu Febuluwale ndi wina, ukamupeza sabata yomwe walandira ndi winanso, ukabwera chaka chamawa wasamukira esiteti ina kapena wabwerera kwawo. Mwini esiteti naye amagona ku Lilongwe, kuno amangobwera nthawi yotumiza mabelo ku Chinkhoma. Ndiye mukafuna kuyeza kusiyana kwa Kasungu, wapamwamba weniweniyo simumupeza m'Kasungu. Lamulo la 2021 linathetsa utenanti, koma anthu ogwira ntchito m'minda ya fodya ya eni sanathe ayi.

Chachiwiri ndi njala ya 2002. Amene tinali kuno sitiiwala. Anthu anagulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku, ena njinga, ena mpaka malata a padenga, kuti apeze ndowa ya chimanga kapena madeya. Amene anali ndi chimanga chaka chimenecho anagula zonsezo. Makomo ena omwe lero timati ochita bwino anayambira pomwepo, ndipo ena omwe anagulitsa sanadzukenso mpaka ana awo. Kafukufuku wa m'makomo woyamba anachitika 1997/98, wachiwiri 2004/05. Njalayo inadutsa pakati. Akubwera achiwiriwo, mbuzi zinali zitasintha kale makola.

Mlongo wa ku Nkhamenya

Amayi, funso lanu la makomo omwewo ndiliyankhe ine, ndinagwirapo ganyu yofunsa mafunso pa kafukufuku wina wa m'makomo.

Kafukufuku wamkulu uja, amene amatulutsa 50.7, amasankha makomo atsopano ulendo uliwonse. Wa 2019/20 anafika pa makomo oposa 11,000 m'maboma onse, osankhidwa mwamaere. Ndiye amakuuzani kuti osauka ndi angati, koma sangakuuzeni ngati ali omwe aja. Zili ngati minibasi ya Mchinji kupita ku Lilongwe. Mukaiona pa Kamwendo ndi yodzaza, mukaionanso pa Namitete ndi yodzazabe, koma ena atsika, ena akwera. Agogo anu akakwera pamwamba pa mzere, mayi wa ku Mkanda n'kugwera pansi pake, chiwerengero sichigwedezeka, ngati palibe chachitika.

Pa chifukwa chimenecho a NSO omwewo, mothandizidwa ndi World Bank, ali ndi kafukufuku wina wamng'ono wotsata makomo omwewo. Anayamba ndi makomo 3,246 mu 2010, anabwereranso mu 2013, 2016 ndi 2019. Amenewo samangotsata nyumba, amatsata anthu. Mwana akakwatiwa n'kukayamba khomo lake amamulondola, munthu akasamuka amafunsa kwa oyandikana nawo mpaka amupeze. N'chifukwa chake pofika 2013 makomowo anali atafika 4,000. Mayi wanu akanakhala m'gulu limenelo akanamutsatira ku Mkanda. Vuto lake ndi loti ndi ochepa, sangakupatseni chithunzi cha Mchinji payokha, kaya cha T/A mmodzi.

Za kafunsidwe ndinene zomwe ndinaona. Chakudya timafunsa cha masiku asanu ndi awiri apitawa, chinthu chimodzichimodzi: ufa wochuluka bwanji, nyemba, usipa, mafuta, tomato. Mayi amayankha ndi mbale, chitini, mulu wa pamsika, ndipo zimenezo pambuyo pake zimasinthidwa kukhala makilogalamu. Koma zomwe bambo wadya pa tiredi, tchipisi, kanyenya ndi mowa, mayi sadziwa, kapena akudziwa koma sanena. Kafukufuku wamkuluyo amayenda miyezi 12 kuti agwire nthawi yokolola ndi ya njala yomwe, komabe khomo lililonse limalowa ndi sabata yomwe analipeza. Kwa dziko lonse zimafanana, kwa khomo limodzi ayi.

Ndiye pali kubisa. Anthu akaona mlendo ali ndi tabuleti amati kwabwera kulemba mayina a thandizo. Mumafotokoza kuti palibe cholandira, akuti eya tamva, koma mbuzi zapita kale kuseri kwa nyumba ya apongozi, wailesi ili pansi pa mphasa. Kwa olemera ndi zina: geti yotseka, mlonda akuti abwana kulibe, mubwere mawa. Apansi akudzichepetsa, apamwamba sakutsegula, ndipo apamwamba akasowa kusiyana kumaoneka kochepa.

Musasokoneze izi ndi kaundula wa UBR amene amathandiza posankha a Mtukula Pakhomo. Uja amayang'ana denga, pansi pa nyumba, ziweto, katundu, ndi anthu omwe angathe kugwira ntchito pakhomopo. Cholinga chake ndi kusanja makomo a m'dera kuti adziwe oyenera thandizo, osati kuyeza umphawi wa dziko.

Nabanda wa pa Kamwendo

Zikomo nonse. Chitsanzo cha makomo asanu chija ndachikopera kuseri kwa buku, ndikawaonetse anzanga.

Koma aphunzitsi, pali mawu amodzi munangowadutsa: akuti amaphatikiza zonse n'kugawa ndi anthu a pakhomopo. Kugawa mofanana? Amene anakonza zimenezo abwere adzakhale kuno mwezi wa Juni. Fodya timalima tonse, kufesa nazale, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kuwokera, kuthyola, kusoka, kusankha mpaka maso kuwawa. Ndalama ikatuluka imalowa mu akaunti ya bambo. Alipo abambo abwino, sindikukana, amene amabwera ndi malata ndi fizi. Aliponso amene amasowa sabata ziwiri n'kubwera ndi nsapato zatsopano ndi shuga paketi imodzi. Pa pepala khomo limenelo ndi la pamwamba pa mzere, aliyense wapatsidwa gawo lake lofanana. Mayi wake ndi amene amabwera kwa ine mu Ogasiti kudzakongola ya chigayo.

Nanga pa mitala amawerenga bwanji? Kwathu kuno zilipo zambiri. Bambo mmodzi, nyumba ziwiri, nkhokwe ziwiri. Kwa mayi wamng'ono kuli malata, kwa mayi wamkulu udzu ukudontha, ndipo feteleza amayamba kuthiridwa munda wa kwa wamng'ono. Mukawatenga ngati khomo limodzi mwabisa kusiyana komwe kuli kowawa kuposa konse, chifukwa awa amaonana tsiku ndi tsiku pa mjigo.

Achimwene a ku Chamama, zomwe mwanena za 2002 zachitikanso posachedwapa, kungoti mwakachetechete. Ziwerengero zomwe tikukambazi zinatengedwa 2019/20. Kuchoka pamenepo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thumba la feteleza wa AIP lomwe tinkaombola K4,495 mu 2020 linafika K15,000 mu 2022, ndipo si onse amene mayina awo anatuluka. Kenako ng'amba ya 2024. Mitengo ikamakwera chonchi, amene ali ndi matumba m'nyumba amalemera ali gone, pomwe wa ganyu amalandira ndalama yomwe mawa siigula zomwe inagula dzulo. Ndaona anthu akubwereketsa minda yawo mu Okutobala chifukwa alibe feteleza, kenako mu Disembala n'kumakagwira ganyu m'munda wawo womwewo kwa amene wabwereka. Chaka chimenecho mwina adya ndithu, ndalama ya lendi ija. Mukayeza zodya simuona kanthu. Koma khomo limenelo latsika sitepe yomwe kukwera kwake n'kovuta.

Za Mtukula ndinenenso pang'ono, poti ndi wathu wa ku Mchinji. Amatenga makomo 10 pa 100, osaukitsitsa omwenso alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Koma aphunzitsi mwati a umphawi wadzaoneni ndi 20.5 pa 100. Ndiye kuti pafupi ndi agogo anga aja pali khomo lina losauka chimodzimodzi lomwe silinalowe, mwina chifukwa muli mnyamata wamphamvu amene ntchito yake ndi kusowa ntchito. Zaka zingapo zapitazo makomo awiriwo anali ofanana, lero limodzi lili ndi mbuzi. Kumeneko mukuti kusiyana kwakula kapena kwachepa? Ine ndimasangalala ndi agogowo, koma oyandikana nawowo moni wake anasintha.

Kuti ndisaoneke wodandaula zokhazokha, zilipo zomwe zasintha kwa tonse. Mjigo uli pafupi, kale tinkamwa pa chitsime cha kudambo. Pafupifupi khomo lililonse muli foni, mwana ali ku Joni kapena ku Lilongwe amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo. Amayi ambiri akuchirira ku chipatala. Ana omwe ankamwalira ndi malungo chaka ndi chaka achepa, tonse tikuona. Zimenezi zimalowa pati m'masamu anuwo? Chifukwa malemu agogo anga akanati auke lero, sakanavomera kuti palibe chasintha.

Mphunzitsi wa masamu, Santhe

Pa kugawa mofanana mwagwira penipeni, Mayi. Muyesowu umathera pa chitseko, za m'kati mwa nyumba suziona. Umawerenganso khanda ngati munthu wamkulu, choncho khomo la ana ambiri aang'ono limaoneka losauka kuposa la akuluakulu okhaokha ngakhale akudya mokhuta mofanana. Za mitala, khomo amalitenga ngati anthu ogona pamodzi ndi kudya za mphika umodzi, ndiye mayi aliyense akamaphika payekha amayenera kukhala khomo lakelake.

Za mjigo ndi chipatala zili ndi muyeso wake wina, umene suwerenga makwacha koma zosowa: madzi abwino, chimbudzi, magetsi, nyumba, sukulu ya ana, chakudya chokwanira, ntchito, katundu wa pakhomo. Pa muyeso umenewo osauka anali 61.7 pa 100 mu 2016/17 ndipo anatsika kufika 58.8 mu 2019/20. Kutsika kulipo, kochepa. Muonenso kuti ndi ochuluka kuposa a muyeso wa makwacha, ndiye kuti alipo anthu omwe kudya akudya koma china chilichonse alibe.

Tsopano ndilankhuleko za buku lanu, musakwiye. Lili ndi chinthu chomwe kafukufuku wamkulu alibe, anthu omwewo zaka zoposa khumi. Koma nalonso lili ndi pobisalira. Malamulo a banki m'khonde salola kupitirira masheya asanu pa msonkhano, ndiye wa sikelo ngakhale atalemera kakhumi, m'buku adzaonekabe asanu. Osaukitsitsa enieni salowa n'komwe m'gulu chifukwa sheya ya sabata ndi sabata imawaopsa. Ndipo amene wagwa amatuluka, dzina n'kuthera pakati pa tsamba monga mwanenera, otsala n'kuoneka ngati gulu likuyenda bwino.

Mukafuna kuti bukulo liyankhe funso lanu, yesani izi. Ndalama yomwe aliyense analandira pogawana kumapeto kwa chaka muisinthe kukhala matumba a chimanga pa mtengo wa chaka chimenecho, chifukwa K20,000 ya 2013 ndi ya lero si ndalama imodzi. Otuluka musawafufute, asiyireni mzere wawo, mulembe chifukwa chotulukira ndi komwe ali. Muwonjezere mafunso ochepa oti muzifunsa chaka chilichonse mwezi womwewo: chimanga cholima okha chinatha mwezi uti, munda alima wonse kapena abwereketsa, ziweto zilipo zingati, ndani wasiya sukulu. Kenako chaka ndi chaka muziika asanu apamwamba pambali pa asanu apansi, muone ngati mpata ukukula, komanso ngati mayina ake ali omwewo.

Nabanda wa pa Kamwendo

Kukwiya ayi, aphunzitsi. Za otuluka ndiyamba ndi iwowo, ambiri ndikudziwa komwe ali, ndipo mayi wa ku Mkanda timakumana pa maliro.

Mafunso enawo ndidzafunsa aliyense payekha, osati pa mkeka. Pagulu palibe angavomere kuti wayamba kugula cha pa ndowa mu Seputembala, makamaka pamaso pa munthu amene akuyembekeza kukamukongola katapila. Ndipo ndiyenera kuyamba ndauza gulu lonse kuti si za thandizo, apo ayi mbuzi za kwathu nazonso zipita kwa apongozi.

Chondivuta ndi mitengo ya chimanga ya zaka za m'mbuyo. Ndigwiritse wa ADMARC kapena wa mavenda? Nanga wa mwezi uti, poti wa Meyi ndi wa Febuluwale amasiyana kutali?

Mlongo wa ku Nkhamenya

Gwiritsani womwe anthu anu amaguliradi, wa pa msika wa Kamwendo. Wa ADMARC ndi wolengezedwa, ndipo zaka zina chimangacho pa depoti sichipezeka. Mwezi wake tengani womwe mumagawana ndalama, ngati ndi Disembala ndiye Disembala chaka chilichonse, osasintha. Alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) angakuthandizeni ndi mitengo yakale, ndipo a IFPRI, bungwe la kafukufuku wa za chakudya, amatulutsa lipoti la mitengo ya chimanga m'misika ya m'Malawi mwezi ndi mwezi, mwana wa ku Bunda uja akhoza kukutsitsirani pa intaneti. Zaka zomwe zasowa funsani amayi atatu kapena anayi omwe anagula chimanga chaka chimenecho, aliyense payekha, mutenge mtengo wa pakati.